Za Kuwawa kwa Thupi ndi Nchito ya Munthu

Alipo matenda amene munthu ali yense awaona ndi maso. Mwendo ukathyoka mudzi wonse udziwa; cilonda cikatukusira palibe wofunsa ngati mwini wace anena zoona. Koma kuwawa kwa msana, kwa ciuno, kwa khosi ndi kwa maondo kulibe mboni. Munthu adzuka m'mawa wooneka wamphumphu, koma pofuna kuwerama kuti atole khasu, aima pakati ngati wagwidwa ndi cingwe. Anzace amyang'ana, nanong'onezana kuti ndi ulesi. Phunziro lathu lili pa kuwawa kotere, ndi pa funso limene ambiri a ife sitinalilingalire bwino: cifukwa ninji kuwawa kumodzimodzi kumsiya wina ali pa nchito yace, wina kumkhazika pansi mwezi wathunthu, ndi winanso kumlemaza masiku ace onse?

Tisayese kuti ndi kanthu kakang'ono. Bungwe la World Health Organization linawerenga kuti m'caka ca 2020 anthu 619 miliyoni pa dziko lonse lapansi anali kumva msana, ndipo linati palibe nthenda yina yolemaza anthu ocuruka koposa imeneyi. Pa anthu 10 odandaula msana, mwa 9 madotolo sapeza pfupa losweka kapena nthenda yakuichula dzina. Ici sicitanthauza kuti anthuwo anama, iai. Ululu ulipo ndithu, kungoti makina ojambula sauona.

Anthu atatu, msana umodzi

Tiyerekeze anthu atatu a msinkhu umodzi, onse anadzuka Lolemba ndi msana womangika. Woyamba ndi kalaliki wa m'ofesi ku Chipata. Apita ku nchito monga masiku onse, nakhala pampando pace. Msana ukamkumbutsa anyamuka, nayendayenda pakhonde, nabweranso. Palibe womletsa. Pakutha masabata atatu waiwala kuti anadwala, ndipo m'buku la bwana simunalembedwe tsiku ndi limodzi lomwe.

Waciwiri ndi wotsitsa matumba pa nyumba yogulira cimanga. Iye sakhoza kuuza thumba kuti, Lero undipepukire. Lore ikafika iyenera kutsitsidwa dzuwa lisanalowe, ndipo kapitao awerenga matumba, sawerenga ululu. Munthuyu ali nazo njira ziwiri zokha, kusenza ali kukukuta mano, kapena kukhala kunyumba nataya malipiro a tsikulo.

Wacitatu ndi mai wamasiye wolima ndi khasu m'mudzi wina wa ku Katete. Alibe bwana, alibenso buku lomlembamo. Koma mvula yagwa, udzu uli kuthamangitsana ndi cimanga, ndipo ndowa ili kumlinda pakhomo. Akagona masabata awiri pa nyengo ya kupalira, adzawalipira ndi njala m'Febuluwale wa caka cinaco.

Dotolo akadawapima atatuwa akadapeza cinthu cimodzi. Koma kwa woyamba ndico cosautsa cabe, kwa waciwiri ndico masiku otayika ndi mantha akucotsedwa nchito, kwa wacitatu ndico nkhokwe yosadzala. Tsono tione kuti kulemala sikukhala m'thupi mokha. Kumabadwa pamene thupi lofooka likomana ndi nchito yosalolera. Mukasintha nchito, munthu yemweyo amene dzulo anali wolemala lero akhoza kudzidyetsa yekha.

Zimene zithyola msana

Msana si mtengo umodzi woongoka. Ndiwo timafupa tambiri tosanjikizana, ndipo pakati pa kafupa ndi kanzace pali kamtsamiro kofewa, ndi minyewa yomanga zonse pamodzi monga luzi limanga phaso. Munthu akawerama natola katundu ali kutali ndi thupi, kulemera kumene kugwera pa timitsamiro ta m'ciuno kuposa kulemera kwa katunduyo kangapo. Yesani nokha: gwirani ndowa ya madzi mkono uli wotambasuka, ndipo muifungatirenso pamimba. Madzi ndi omwewo, koma mkono udzakuuzani kusiyana kwace. Ndipo kumbukirani kuti ndowa ya malita 20 ndiyo makilo 20, imene ana athu akazi aitula ndi kuisenzanso tsiku ndi tsiku asanakhwime mafupa.

Akuru akumbukira matumba akale a mapaundi 200, ndiwo makilo 90, amene mwamuna mmodzi anali kuwakweza pa lore ali kuyenda pa thabwa. M'caka ca 1967 msonkhano wa maiko wa za nchito, wa bungwe la International Labour Organization, unalangiza kuti mwamuna wamkuru asasenze yekha katundu woposa makilo 55. Lero thumba la cimanga, la fetereza ndi la simenti ndi makilo 50, ndipo tiyesa kuti tapepukidwa. Komatu ku Britain malangizo a Boma achula makilo 25 kwa mwamuna ndi 16 kwa mkazi, ndiponso pokhapo katundu ali pafupi ndi thupi, pa msinkhu wa ciuno. Thumba lathu lopepukalo liposa muyeso umenewo kawiri.

Si kulemera kokha kumene kuononga. Kupotoza ciuno uli ndi katundu, kubwereza nchito imodzi kuyambira m'mawa kufikira madzulo, kugwedezeka kwa thirakita kapena lore pa mseu wa maenje, kuwerama nthawi yaitali osaongoka, zonsezi zidya msana pang'ono pang'ono monga ciswe cidya mzati. Ku California m'dziko la America, m'caka ca 1975, analetsa eni minda kupatsa anchito ao khasu la mpini waufupi, cifukwa linalemaza misana ya anthu ambiri amene analibe ufulu wakuongoka pamene afuna. Sitinena kuti mutaye makasu a makolo athu. Koma pokasema mpini watsopano, si cimo kuutalikitsa pang'ono molingana ndi msinkhu wa mwini wace. Timaona kawiri kawiri mwamuna wamtali ali kulima ndi mpini wosemedwera mwana.

Cilipo cinanso cimene anthu saciyembekeza. Ku London, kuyambira caka ca 1985, madotolo otsogozedwa ndi Michael Marmot anatsata moyo wa anchito a Boma oposa 10,000. Onsewo anali a m'maofesi, osasenza thumba ndi limodzi lomwe. Koma kunapezeka kuti a m'mipando yapansi analephera kufika pa nchito cifukwa ca matenda kangapo koposa akuru ao. Ndipo cimodzi ca zifukwa zace cinali ici, kuti wapansi alibe mau pa nchito yace, sasankha coyamba kucita, kapena nthawi yakupuma. Munthu amene kapitao wace amamva akadandaula, amabwera ku nchito ngakhale msana uli kumluma, podziwa kuti adzampatsa zopepuka. Amene adziwa kuti adzamtukwana, akhala kunyumba kufikira atacira konse, kapena abisa kufikira atagwa. Motero m'kamwa mwa kapitao muli mankhwala, mulinso ululu.

Maenje awiri

Wodwala msana ayenda pa kanjira kopapatiza, dzenje kuno, dzenje uko. Dzenje loyamba ndilo kubisa: kumwa mapiritsi a pa sitolo m'mawa uli wonse, kumanga nsaru m'ciuno, ndi kusenzabe matumba cifukwa ca mantha. Laciwiri ndilo kugona. Kale madotolo omwe anali kulamula wodwala msana kugona cagada masabata ambiri. Lero adziwa kuti kunali kulakwa. Kugona tsiku limodzi kapena awiri pamene ululu wakula sikuipa, koma pambuyo pace munthu ayenera kudzuka, kuyenda, ndi kugwira tinchito timene akhoza. Misana yambiri yowawa imayamba kucira yokha m'kati mwa masabata 6. Koma pa mphasa minyewa ifota, mantha akula, ndipo malo ace pa nchito atengedwa ndi wina. Madotolo a za nchito abvomerezana kuti munthu akakhalitsa kunyumba, mwai wace wakubwerera ucepa mwezi ndi mwezi, ndipo mwa iwo amene atha caka osagwira nchito obwerera ndi owerengeka.

Ululu umene wapitirira miyezi 3 usinthanso khalidwe lace. Mitsempha yonyamula mbiri ya ululu izolowera kupfuula, monga garu amene anaona mbala kamodzi, ndipo tsopano auwa tsamba liri lonse logwa usiku. Pamenepo cilonda ca m'kati cikhoza kukhala citapola, koma munthu amva kuwawabe, ndipo nkhawa, kusowa tulo ndi ngongole ziuonjezera. Uyu si wonyenga. Afunika kumbwezera ku nchito pang'ono pang'ono, asanafike poti iye mwini adziyesa wotha. Cifukwa ca ici, m'caka ca 2010 a ku Britain anasintha kalata ya dotolo. Kale inali kungonena kuti munthuyu akhoza kapena sakhoza kugwira nchito. Tsopano dotolo akhoza kulembanso kuti akhoza kugwira ngati amcepetsera maola kapena kumcotsera zolemera. Kwa ife ciweruzo cimeneci cioneka canzeru, ndipo bwana ali yense wa kuno akhoza kucitsata osalinda lamulo.

Koma pano ticenjeze kolimba, kuti wina angamve molakwa. Ulipo msana wowawa umene suyenera kuupirira ngakhale sabata imodzi. Ngati ululu ukula usiku osalola tulo, ngati munthu aonda, atentha thupi ndi kutuluka thukuta pogona, ngati miyendo icita dzanzi kapena kufooka, ngati mkodzo kapena cimbudzi zituruka osadziwa kapena mkodzo ukana kuturuka, ngati pamsana pamera kanundu, mumtengere ku cipatala msanga. Cifuwa cacikuru ca TB sicikhala m'mapapo mokha. Cimalowanso m'mafupa a msana ndi kuwadya, ndipo cikapezeka msanga cicizika ndi mankhwala, koma cikacedwa cipuwalitsa miyendo. Kutema mphini pamenepo ndi kutaya masiku amene sadzabwera.

Cimene lamulo linena

Ambiri a m'midzi mwathu ali ndi ana olembedwa nchito m'matauni, m'mapulazi ndi m'migodi, cotero nkwabwino kudziwa zimene lamulo la dziko la Zambia linakhazika. Lamulo la nchito la caka ca 2019, lochedwa Employment Code Act, linati wanchito wodwala kapena wobvulala, akaonetsa kalata ya ku cipatala, apatsidwe masiku akupuma. Wa pangano lalitali alandira malipiro athunthu miyezi 3, ndi theka la malipiro miyezi 3 yotsatira. Wa pangano lalifupi alandira athunthu masiku a nchito 26, ndi theka masiku 26 ena. Ikatha miyezi 6 munthu osacira, bwana akhoza kumpumitsa nchito ngati dotolo watero. Koma sammasula cimanjamanja, pakuti lamulo lomwelo linati alandire ndarama zosacepera malipiro a miyezi 3 pa caka ciri conse cimene anatsiriza pa nchitoyo.

Taonani m'mene miyezi 6 imeneyi ikomana ndi zimene tanena pamwambapa. Mwezi wacinai ndarama zicepa ndi theka, pamene zofuna za wodwala zacuruka. Mwezi wacisanu ndi ciwiri nchito ikhoza kutha. Cifukwa cace nthawi yakukambirana ndi bwana za nchito yopepuka ndiyo masabata oyamba, si mwezi wotsiriza.

Za wobvulala pa nchito lilipo lamulo lina, la caka ca 1999, ndi bungwe loyang'anira thumba la cipukuta misozi, la Workers' Compensation Fund Control Board, limene likulu lace lili ku Ndola. Ndarama za m'thumbali asonkha ndi olemba anthu nchito, sazidula pa malipiro a wanchito. Madotolo apima kulemala kwa munthu. Kukakhala kwakung'ono alandira ndarama kamodzi, kukakhala kwakukuru alandira mwezi ndi mwezi. Ndipo iwo amene anasonkha ku NAPSA nthawi yokwanira, nalemala kotero kuti sakhozanso kugwira nchito, akhoza kupempha penshoni asanafike zaka za ukalamba.

Koma lamulo lili ndi maso a pepala. Cala codulidwa ndi makina nkosabvuta kuciyesa: tsiku lidziwika, mboni zilipo, cala palibe. Msana umene unatha pang'ono pang'ono m'zaka 15 ulibe tsiku, ndipo bwana akhoza kunena kuti ndi ukalamba, kapena kuti unathyokera kumunda kwanu. Apa ndipo pamene wobisa uja adzipweteka kawiri. Tsono uzani ana anu kuti tsiku lomwelo limene amva kuti m'ciuno mwaduka kanthu ponyamula katundu, anene kwa kapitao pamaso pa anzao, aone kuti zalembedwa m'buku, apite ku cipatala, ndipo kalata iri yonse ya dotolo aisunge m'citini pamodzi ndi citupa. Tidziwa kuti ambiri aopa kuchedwa obvuta. Koma tsiku la mlandu, dandaulo limene linangonenedwa pa moto madzulo silidzawerengedwa.

Amene lamulo siliwafikira

Zonsezi nza olembedwa nchito, koma anchito ocuruka m'dziko muno sanalembedwe ndi munthu: alimi, aganyu, oocha makala, oswa miyala m'mbali mwa mseu, amai ogulitsa pa msika. Kwa iwo kulibe masiku akupuma olipidwa. Makolo athu anali nayo njira yao. Munthu akalephera munda anali kuitana dima, anzace nabwera ndi makasu, namaliza m'mawa umodzi zimene iye akadalimbana nazo masabata. Denga la nkhokwe analinyamula anthu ambiri pamodzi, ndipo mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga usanakhale fanizo unali langizo lenileni la kunyamula katundu. Lero dima licepa, pakuti ali yense afuna ndarama pa dzanja.

Timakonda kucezera odwala, ndipo ticita bwino. Koma kwa mai wamasiye uja wa ku Katete, anthu 10 obwera ndi makasu pa nyengo ya kupalira amthandiza koposa anthu 30 odzakhala pakhonde pace ndi kumfunsa m'mene wagonera. Ndipo pomthandiza tisamlande nchito yonse ndi kumgoneka. Asankhe mbeu, atonole cimanga, ayang'anire mbuzi, kuti thupi lisaume ndi mtima usagwe. Thumba ligawidwe pawiri. Madzi abwere pa njinga kapena pa ngolo pamene zilipo. Wolima aongoke pa mapeto a mzere uli wonse, osayesa manyazi.

Pfumbi la m'mgodi

Kwatsala kulemala kwa mtundu wina, kumene nchito ibzala lero koma kumera mwini wace atabwerera kumudzi. Pobowola mwala pansi pa nthaka pauluka pfumbi losalala kwambiri, losaoneka ndi maso, limene lilowa m'kati mwa mapapo ndi kukhala komweko. Mapapo acita zipsera nauma, ndipo nthendayi, imene madotolo aicha silicosis, ilibe mankhwala akuicotsa. Imatenga zaka 10 kapena 20 isanaonekere, ndipo ikhoza kukulabe munthu ataleka nchito. Iyamba ndi befu pokwera citunda, ndi kukhosomola kosatha. Itsegulanso khomo la cifuwa cacikuru, pakuti wa mapapo otere agwidwa ndi TB msanga koposa anzace. Cifukwa cace m'migodi athira madzi pobowola, napopera mpweya, napatsa anthu zobvala kumphuno. Ndipo mnyamata amene abvula cace cifukwa ca kutentha asewera ndi ukalamba wace. Phokoso la makina licitanso cimodzimodzi ndi makutu: ligonthetsa pang'ono pang'ono, ndipo kumva kukapita sikubwera.

Ku South Africa anthu a m'migodi ya golidi anatengera makampani ku bwalo la milandu cifukwa ca pfumbi limeneli, ndipo m'caka ca 2019 bwalo la ku Johannesburg linabvomereza pangano la ndarama zokwana 5 biliyoni za marandi, zolipira odwala silicosis ndi TB amene anagwira nchito m'migodi ya makampaniwo kuyambira 1965 kufikira 2019, ngakhale a maiko ena monga Malawi ndi Mozambique. Bungwe logawa ndaramazo ndi Tshiamiso Trust. Ambiri anafa mlandu usanathe, ndipo ena otsala abvutika kupeza mapepala osonyeza kumene anagwira nchito.

Kuno kwathu, kuyambira masiku a Northern Rhodesia, ku Kitwe kuli nyumba yopima zifuwa za anthu a m'migodi ya mkuwa. Lamulo la caka ca 2010 linaicha Occupational Health and Safety Institute. Sipima okhawo amene ali pa nchito, koma iwonso amene anapuma kale, ndipo kupimidwa kumeneko ndiko khomo lakulandirira cipukuta misozi ca nthenda ya pfumbi. M'midzi yathu ya kum'mawa muli nkhalamba zimene zinatha zaka pansi pa nthaka ku Mufulira, ku Nkana kapena ku Luanshya, ndipo tsopano zikhala pa mthunzi zili kupuma mwabefu, anthu nati ndi ukalamba cabe, ena nati anamlodza cifukwa ca njinga ndi malata amene anabwera nazo. Ngati m'mudzi mwanu muli wotere, ayambe wapimitsa makhololo pa cipatala ca pafupi, kuti ngati ndi TB alandire mankhwala ndipo a m'nyumba mwace apimidwenso. Pambuyo pace mfunefuneni nambala yace ya ku mgodi ndi makalata ace akale a nchito, ndipo mupeze wina womperekeza, pakuti ulendo wa ku Kitwe ngwautali kwa munthu wa befu.